Kodi Jack Dempsey anaberedwa lamba ku Chicago mu 1927?

Funso: Ine ndi malume anga timakonda nkhonya, ndipo pali nkhani imene yatikanganitsa. Tinaonera pa YouTube kanema wakale wa nkhonya ya Jack Dempsey ndi Gene Tunney ya mu 1927. Tunney atagwa ndinayeza ndi wotchi ya pa foni, ndipo ndinapeza kuti anakhala pansi masekondi pafupifupi 14, koma woyimbira anamulola kupitiriza mpaka anapambana. Malume akuti woyimbirayo anagulidwa ndipo Dempsey anaberedwa lamba. Inu amene munayimbirapo nkhonya, chilungamo chinali pati?

Yankho: Achimwene, wotchi yanu sinaname. Tunney anakhaladi pansi masekondi pafupifupi 14, ndipo anthu anayamba kuyeza kanema ameneyu ndi mawotchi inu ndi ine tisanabadwe. Paja amati mlandu suola. Ndinene poyambirira pamene ndaima kuti mudziwe kumene ndikulowera. Woyimbira uja, Dave Barry, analakwadi usiku umenewo, koma osati pamene malume anu akuloza. Mu raundi 7, imene aliyense amakwiya nayo, anachita zomwe anali atawauza kale ankhonya onse awiri kuti adzachita. Kulakwa kwake kuli mu raundi 8, imene ambiri saionera n'komwe chifukwa timakanema ta pa intaneti timathera pomwe Tunney wadzuka.

Kuti mumvetse masekondi amenewa muyambe mwamudziwa Dempsey ndi kamenyedwe kake. Anatenga lamba wa dziko lonse lapansi wa heavyweight (ankhonya olemera kwambiri) pa 4 July 1919 ku Toledo, ku America, atagonjetsa Jess Willard, chimunthu chachitali ndi cholemera kumuposa kutali. Anamugwetsa kasanu ndi kawiri mu raundi yoyamba yokha. Mukaonera kanema wake muona mmene ankachitira: Willard akagwa, Dempsey sankachoka. Ankaima pompo, pamwamba pake, nkhonya ili chikungire, ndipo mnzakeyo akangonyamula maondo pansi ankamulandira ndi ina. Nthawi imeneyo zinkaloledwa. Anachitanso chimodzimodzi pa 14 September 1923 ku Polo Grounds, mu New York, pomenyana ndi Luis Firpo wa ku Argentina. Firpo naye anagwa kasanu ndi kawiri mu raundi yoyamba, koma pakati pa chipwirikiticho anamenya Dempsey mpaka kutulukira pazingwe, n'kukagwera pomwe panakhala atolankhani, ndipo iwowo anamukankhira m'bwalo. Dempsey anapambana mu raundi yachiwiri. Ku Argentina mpaka lero alipo amene amati Firpo ndiye anaberedwa, ndipo ali ndi mfundo, chifukwa wankhonya akatulukira pazingwe amayenera kubwerera yekha popanda womuthandiza.

Madandaulo a nkhonya ngati imeneyi ndi amene analimbitsa lamulo la kona yopanda mwini. Bwalo lili ndi makona anayi. Awiri ndi a ankhonya, momwe mumakhala aphunzitsi awo ndi ndowa ya madzi. Awiri enawo alibe mwini. Lamulo limati ukagwetsa mnzako upite ku kona yopanda mwini imene ili kutali ndi iye, ukadikire kumeneko. Cholinga chake n'choti munthu wogwa adzuke ali wotetezeka, asamenyedwe mutu ukadali m'chizungulire. Tinganene kuti lamuloli linasokedwa pa msinkhu wa Dempsey weniweniyo.

Atatha ndi Firpo anakhala zaka zitatu osateteza lamba. Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa tikamakamba za chilungamo m'nkhonya za nthawi imeneyo sindingathe kudumpha dzina la Harry Wills. Wills anali munthu wakuda, ndipo kwa zaka zingapo ndiye anali woyamba pamzere wa oyenera kumenyana ndi Dempsey. Sanapatsidwe mwayi umenewo mpaka ukalamba unamupeza. Akuluakulu a nkhonya a ku New York anakana kuloleza Dempsey kumenyana ndi Tunney kumeneko asanakumane ndi Wills, n'chifukwa chake nkhonya yawo yoyamba inakachitikira ku Philadelphia. Timakangana za masekondi anayi kapena asanu amene Tunney anapatsidwa, pomwe Wills sanapatsidwe ngakhale sekondi imodzi m'bwalo limenelo. Kwa ine kumeneku ndiye kubera kwakukulu kwa zaka zimenezo, ndipo kumandipweteka kuti sikukambidwa kwambiri.

Ku Philadelphia kuja, pa 23 September 1926, mvula ikugwa, pamaso pa anthu oposa 120,000, Tunney anamuvula lamba Dempsey pa mapointi m'maraundi 10. Panalibe chokangana. Tunney, amene anakhalapo msilikali wa Marines, gulu lina la asilikali a America, anali wankhonya wa miyendo ndi nzeru, womenya akuchoka, ndipo pa moyo wake wonse wa nkhonya zolipidwa anagonja kamodzi kokha, kwa Harry Greb mu 1922. Kuti apezenso mwayi wa lamba, Dempsey anamenyana ndi Jack Sharkey pa 21 July 1927 ku Yankee Stadium. Sharkey ankatsogola. Mu raundi 7 Dempsey anamumenya m'munsi, cha pa lamba wa kabudula, Sharkey n'kutembenuza mutu kuti adandaule kwa woyimbira, ndipo nthawi yomweyo Dempsey anamutchaya yakumanzere pachibwano. Woyimbira anawerenga mpaka 10. Ndikutchula izi osati kuti ndinyoze Dempsey, amene ndimamulemekeza kwambiri, koma kuti malume adziwe kuti munthu amene akumulirira anafika ku Chicago atadutsa pa milatho iwiri imene oyimbira anamuikira, wa Firpo uja ndi wa Sharkey.

Tsopano tifike pa 22 September 1927, ku Soldier Field, Chicago. Wokonza nkhonyayi anali Tex Rickard. Analowa anthu 104,943, ndipo pakhomo panatoleredwa madola 2,658,660, ndalama imene nkhonya ina iliyonse inalephera kuipitirira kwa zaka zambirimbiri. Tunney yekha analandira madola 990,445. Anthu miyandamiyanda ankamvera pa wailesi, akuulutsa Graham McNamee. Inali ya maraundi 10, ndipo isanayambe Barry anawauza onse awiri kuti wina akagwetsa mnzake apite ku kona yopanda mwini yakutali, ndipo sadzayamba kuwerenga mpaka atatero. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa mlandu wonse watsamira pamenepa.

Maraundi asanu ndi imodzi oyambirira anali ngati kupitiriza kwa Philadelphia. Tunney ankazungulira, kubaya ndi yakumanzere, kuchoka. Dempsey, wa zaka 32, ankalondola koma miyendo sinalinso ija ya ku Toledo. Ndiye mu raundi 7, mphindi yoyamba isanathe, anamupezerera pafupi ndi zingwe. Yakumanja, yakumanzere yokhota imene inagwera pachibwano penipeni, kenako zina zotsatizana Tunney akutsetsereka. Tunney anakhala pansi, msana kuzingwe, mwendo umodzi utapindika, dzanja lamanzere likufufuza chingwe mpaka linachigwira. Kanali koyamba kugwetsedwa chiyambire nkhonya zolipidwa. Wosunga nthawi, Paul Beeler, anayamba kuwerenga pompo. Koma Dempsey sanapite kumene anauzidwa. Anaima pafupi, cha kumbuyo kwa Tunney, monga anazolowera moyo wake wonse. Barry anamulozera kona yakutali, n'kuchita kumuperekeza. Pamene Barry ankabwerera, Beeler anali atafika pa 5. Barry anakweza dzanja n'kuyambira pa 1. Atafika pa 9, Tunney anadzuka.

Chinthu choyamba chimene ndimaphunzitsa aliyense wofuna kuyimbira n'chakuti lamulo silinena masekondi 10 a pawotchi. Limanena kuwerenga kwa woyimbira mpaka 10. Zimafanana koma si chinthu chimodzi. Woyimbira ndi munthu, ali ndi ankhonya awiri oti awayang'anire, ndipo wina akagwa diso lake loyamba silipita kwa wogwayo. Limapita kwa woimirira, chifukwa ngozi ili kwa iyeyo. Wogwa nayenso sayang'ana wotchi, ndipo alibe. Amayang'ana zala za woyimbira. Mphunzitsi aliyense wabwino amauza mwana wake kuti ukagwa usathamangire kudzuka, khala pabondo, puma, tsata zala, udzuke pa 8 kapena 9. Choncho munthu akadzuka pa 9 sizitanthauza kuti sakanatha kudzuka pa 6. Nthawi zambiri zimangosonyeza kuti mutu wake unali kugwira ntchito.

Zimenezi zinandionekerapo ine ndemwe. Ndinkayimbira nkhonya ya anyamata awiri m'holo ina yaing'ono, yodzaza mpaka m'mawindo. Wina anagwetsa mnzake ndi yakumanja yabwino kwambiri, n'kuima pambali panga akupumira m'mwamba, maso ali psuu, dzanja lili chikonzekere. Ndinamulozera kona, osasuntha. Ndinakuwa, osandimva. Sikuti ankachita mwano. Magazi anali atatentha, ndipo m'dziko lonse ankaona munthu mmodzi yekha, amene anali pansiyo. Ndinachita kumuika dzanja pachifuwa n'kumubweza chafutambuyo mpaka pakona. Pamene ndinkatembenuka, anthu a mbali yake anali atawerenga kale mokuwa mpaka 4, ndipo mnzake uja atadzuka holo yonse inati refa wadya. Chimene ndinamva mumtima nthawi imeneyo sichinali mantha a anthuwo ayi. Ndinadziwa kuti ndadzimanga ndekha chingwe: kuyambira pamenepo, winayo akadzagwetsanso mnzake ndiyenera kuchita chimodzimodzi, sitepe ndi sitepe, ngakhale atagwa mongoterereka. N'chifukwa chake Dempsey ndimamumvetsa ndipo ndimamumvera chisoni. Zaka zonse anaphunzitsa thupi lake kuima pamwamba pa munthu wogwa, ndipo pa sekondi yofunika kwambiri ya moyo wake thupi linachita zomwe linazolowera. Koma masekondi amenewo anawataya ndi iye, sanalandidwe.

Komabe malume anu ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo sindiibisa. A mbali ya Dempsey ankati: chabwino, Barry anayenera kuyamba wachotsa Dempsey, koma pobwerera anayenera kutolera chiwerengero pomwe wosunga nthawi anafika. Beeler anali pa 5, ndiye Barry akanati 6, osati 1. Masiku ano ndi mmene timachitira kawirikawiri: wina akagwa, wosunga nthawi amayamba kuwerenga, iwe ukaonetsetsa kuti winayo akupita kukona umayang'ana zala za wosunga nthawiyo n'kupitiriza pomwepo. Koma ngakhale lero, woimirirayo akakana kupita kapena akachoka pakona, woyimbira ali ndi mphamvu yoimitsa kuwerenga mpaka atamvera. Kutolera kwa wosunga nthawi ndi kwa munthu amene wamvera. Kukanakhala kuti chiwerengero chimayenda ngakhale wina waima pamwamba pa mnzake, lamulo la kona likanakhala lopanda mano, chifukwa palibe chimene wosamverayo akanataya. Ndipo kumbukirani kuti Barry anali atanena pakamwa pake, onse akumva, kuti sadzayamba kuwerenga. Akanati ayambire pa 6, ndiye kuti akanaswa mawu ake omwe, ndipo lero tikanakhala tikukangana kuti Tunney ndiye anaberedwa.

Nanga akanayambira pa 6, Tunney akanadzuka? Funso limeneli palibe amene angaliyankhe ndi lumbiro. Tunney ananena moyo wake wonse kuti akanadzuka. Ine ndikaonera kanemayo ndimaona zinthu ziwiri. Masekondi atatu kapena anayi oyambirira munthuyo kulibe, maso ali gwa, sakudziwa pomwe ali. Koma Barry atangoyamba kuwerenga, Tunney akutembenuza mutu n'kumamuyang'ana, ndipo kuyambira pamenepo akuoneka munthu amene akudikira, osati amene akulephera. Ndikukhulupirira kuti akanadzuka pa 9 ya Beeler. Chimene sindingakane n'chakuti akanadzuka ndi miyendo yosakhazikika bwino, ndipo kwa Dempsey zimenezo zikanatha kukwanira. Masekondi asanu kwa munthu wa thupi lokonzeka ngati Tunney ndi mankhwala. Onani zomwe anachita atadzuka: anayamba kubwerera chafutambuyo mozungulira, mwaliwiro, Dempsey akumuthamangitsa osamupeza, mpaka Dempsey anaima n'kumukodola ndi golovesi kuti bwera timenyane. Munthu amene miyendo yake yafa sathawa motero. Pamenepo mumaona kuti amene miyendo inamuthera anali wothamangitsayo.

Tsopano raundi 8, pomwe pali mlandu wanga ndi Barry. Tunney anaponya yakumanja yaifupi, Dempsey n'kugwa pabondo. Barry sanayang'ane n'komwe kumene Tunney anali. Anathamangira pa Dempsey n'kuyamba kuwerenga nthawi yomweyo, Tunney asanapite kukona iliyonse. Dempsey anadzuka pompo, choncho zotsatira za nkhonya sizinasinthe, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaidumpha. Koma kwa ine monga woyimbira, apa ndi pamene Barry anagwa. Mphindi zochepa m'mbuyomo anali ataumirira lamulo mpaka kumuperekeza munthu kukona, pamaso pa anthu oposa 100,000. Lamulo lomwelo, bwalo lomwelo, ankhonya omwewo, raundi yotsatira, analiiwala. Ena amamuteteza kuti Tunney anali atayamba kale kuchoka yekha, kapena kuti Dempsey anadzuka msanga moti panalibe nthawi. Ine sindivomera. Dzanja la Barry linatsika Tunney akadali pomwepo. Akanangotambasula mkono kulozera Tunney kona, ngakhale kwa sekondi imodzi, raundi 7 ikanakhala yoyera kotheratu. Posatero, anapatsa aliyense wokonda Dempsey chifukwa chonenera kuti lamulolo linali la munthu mmodzi. Raundi 8 ndi imene inadetsa raundi 7.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti anagulidwa? Apa ndikupemphani inu ndi malume kuti tisamale pakamwa. Chicago ya 1927 inali ya Al Capone, mtsogoleri wa zigawenga, juga inali ponseponse, ndipo mphekesera zinali mbali zonse ziwiri. Ena ankati Capone wabetcha pa Dempsey, ena ankati a juga a mbali ina aika ndalama zawo pa Tunney. Palibe umboni umene unatulukapo wosonyeza kuti Barry analandira kanthu pa nkhonya imeneyi. Komanso taganizani: munthu wogulidwa kuti apulumutse Tunney akanadziwa bwanji kuti Dempsey sadzapita kukona? Mpata wonsewo unatsegulidwa ndi Dempsey mwini. Akanangoyenda masitepe ochepa aja msanga, Barry sakanakhala ndi pobisala. Zomwe ndimaona mu raundi 8 si ziphuphu, koma chinthu chimene ndachiona mwa oyimbira ambiri ndipo ndimachiopa mwa ine ndemwe. Mu raundi 7 woimirira anali Dempsey, munthu wodziwika kuti amamenya ogwa, ndiye Barry anali tcheru. Mu raundi 8 woimirira anali Tunney, wodziwika ndi ulemu, ndiye mtima wa Barry sunaone ngozi, dzanja linangoyamba kuwerenga. Anaweruza mbiri za anthu m'malo moweruza zomwe zinali pamaso pake. Kumeneko ndi kukondera ndithu, ngakhale mwini wake asakudziwa, ndipo n'kovuta kukugwira kuposa kwa ndalama.

Nkhonya inatha maraundi onse 10, Dempsey nkhope itatupa, ndipo onse ogamula anapereka chipambano kwa Tunney mosagawanika. Pa mapointi panalibe mpikisano. A mbali ya Dempsey, motsogozedwa ndi manijala wake Leo Flynn, anakadandaula ku bungwe loyang'anira nkhonya la Illinois, koma dandaulo linakanidwa. Dempsey sanamenyerenso lamba. Tunney anauteteza kamodzi, pogonjetsa Tom Heeney mu July 1928, n'kupuma ali katswiri. Chodabwitsa n'chakuti Dempsey, amene ali ndi lamba ambiri ankamuda, anakondedwa kwambiri atagonja, ndipo mbali ina chinali chifukwa sanakhalire kulira. Iye ndi Tunney anakhala pa ubwenzi mpaka ukalamba. Amene anasenza katundu ndi Barry: akamayimbira nkhonya zina, anthu ankamuwerengera mokuwa mpaka 14.

Dziwaninso kuti ambiri amene ankakangana nthawi imeneyo analibe mwayi umene muli nawo inu. Ku America kunali lamulo la 1912 loletsa kutumiza mafilimu a nkhonya kuchoka m'chigawo china kupita china, limene linabwera Jack Johnson, katswiri wakuda, atagonjetsa Jim Jeffries mu 1910, ndipo linachotsedwa mu 1940. Makope ozembetsa ankayenda, koma anthu ochuluka anaidziwa nkhaniyi kudzera pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'mabala. Nambala ya 14 inayenda mtunda wautali kuposa chithunzi cha Dempsey ataima pomwe sanayenere kuima.

Nkhani yomweyi inabweranso pa 11 February 1990 ku Tokyo, Mike Tyson atagwetsa Buster Douglas kumapeto kwa raundi 8. Woyimbira Octavio Meyran anachedwerapo poyerekeza ndi wosunga nthawi, Douglas anadzuka pa 9, kenako anagwetsa Tyson mu raundi 10 n'kupambana. Don King, wokonza nkhonya za Tyson, anayesetsa kuti chipambanocho chifafanizidwe ponena za kuwerenga kwautali, koma patangopita masiku ochepa Douglas anavomerezedwa kukhala katswiri. Mukaonera kanema ameneyo muona Douglas akumenya pansi ndi golovesi mokwiya atangogwa, kenako akutsata zala za Meyran. Anachita zomwe wankhonya aliyense amaphunzitsidwa, monga anachitira Tunney.

Ndiye mukakakhalanso pansi ndi malume, pezani kanema wautali, wokhala ndi maraundi onse awiri. Mu raundi 7 wotchi muiike pambali, ndipo Tunney akangogwa musamuyang'ane iye. Yang'anani mapazi a Dempsey, muwerenge kuti papita nthawi yaitali bwanji asanayambe kulowera kumene Barry akuloza. Kenako mubwezere, muyang'ane nkhope ya Tunney, muone pamene mutu wake ukutembenukira kwa woyimbira. Mukatero mupite ku raundi 8. Dempsey akangogunda bondo pansi muimitse kanemayo, muwaonetse malume pomwe pali dzanja la Barry ndi pomwe Tunney waima.